Tabuleti yanga yoonera dashibodi itadutsa dzinja lathunthu ku Salima

Mnzanga wina amene amagwira ntchito yotsata matenda ku Nkhotakota wandifunsa ngati agule tabuleti yofanana ndi yanga, ija ndinaiyamikira nditangoigula. Ndamuuza kuti ayambe wadikira, chifukwa mawu oyamba aja ndinawalankhula chipangizocho chisanagwire ntchito ya m'dzinja.

Ndinaigula ndi ndalama za m'thumba mwanga pa sitolo ina ku Lilongwe, kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndinkafuna kuti ndiziona dashibodi ya DHIS2, tsamba loonetsa ziwerengero za odwala pa pulogalamu imene a zaumoyo timagwiritsa ntchito, ndili kumudzi, osati kudikira kufika ku ofesi. Amene tinaona kolera ija inayambira ku Machinga mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno tikudziwa kuipa kwa kuchedwa. Kuno kunyanja inatipweteka kwambiri.

Zabwino zilipo. Batire imatha tsiku lonse. Sikirini ndi yaikulu, moti magirafu a sabata ndi sabata a malungo ndi kutsegula m'mimba amaoneka bwino ngakhale kwa munthu wa maso ofooka. Pulogalamu yolembera odwala imasunga zonse netiweki ikasowa, n'kudzatumiza ikabwera. Mfumu ina itaona mzere wa odwala m'mimba ukukwera masabata otsatizana, inaitanitsa yokha msonkhano wa zimbudzi, ine osaikakamiza.

Vuto lili pa mapu, ndipo silinasiyepo chiyambire.

Tikapeza munthu amene tikumuganizira kolera, timalemba malo enieni a nyumba yake kuti kadontho kaoneke pa mapu. Timadontho tikaunjikana mbali imodzi, timadziwa chitsime kapena doko loyenera kulithamangira ndi kulorini, komanso makomo oyandikana amene tiyenera kuwayendera. Matendawa amatha kuonekera patangopita maola ochepa, ndipo sapitirira masiku 5 munthu atamwa madzi oipa, ndiye palibe nthawi yosochera.

Tsiku lina ndinali pakhomo pa mayi wina chakumtunda kwa Senga Bay, mwana wake atagona pamphasa pakhonde, milomo itauma, agogo ake akumumwetsa Thanzi ndi kapu ya pulasitiki. Ndinalemba zonse, n'kudina kuti itenge malo. Madzulo nditatsegula mapu, kadontho ka mwana uja kanali m'nyanja, kutali ndi gombe. Timadontho tina ta m'mudzi womwewo tinali mbwee, kena kumsewu, kena kumudzi kwina. Pa msonkhano wa m'mawa anzanga ankaona ngati odwala abalalika, pomwe makomo onsewo amatunga pa chitsime chimodzi. Zikanakhala kuti sindinapondeko ndekha, kulorini akanapita kolakwika. Usiku umenewo tulo sindinatione.

Mnyamata wina wokonza mafoni pa Kamuzu Road ndi amene anandimasulira. Tabuleti imeneyi ilibe GPS yeniyeni yolandira uthenga kuchokera ku masetilaiti. Imangoyerekeza malo potengera nsanja za netiweki zimene zili pafupi. M'tauni, momwe nsanja zili zothithikana, kulakwa kwake ndi kochepa. Kumudzi, nsanja zikatalikirana, imaphonya ndi makilomita. Pulogalamu ilibe mlandu, imajambula zimene yapatsidwa.

Chimene chimandiwawa n'chakuti pogula ndinafunsa mwachindunji za GPS, ndipo wogulitsa anati, "Achimwene, zonse zilimo, musadandaule." Nditamuimbira, anati ndi netiweki ya kwathu kunyanja. Nditapita nayo ndi risiti m'manja, nkhani inasintha, akuti chitsimikizo chawo chimakhudza chinthu chikawonongeka, ndipo iyi sinawonongeke chifukwa ikuyaka. Kenako anati angathe kundisinthira ndi ina ya GPS, koma ndiwonjezere ndalama pamtengo watsopano, yanga n'kuiwerengera pamtengo wakale. Ndalama yowonjezerayo inali pafupifupi yomwe ndinagulira yoyambayo.

Pali masiku amene ndimaikonda ndithu, makamaka ndikakhala pansi pa mtengo ndi komiti ya zaumoyo ya m'mudzi, anthu atazungulira sikirini, akulozerana okha sabata imene odwala anachuluka. Pali masiku ena ndimafuna kungoigulitsa. Panopa malo ndimatenga ndi foni yanga, n'kukopera manambalawo pamanja mu tabuleti. Ndi ntchito iwiri, ndipo nambala imodzi ikaphonyeka kadontho kamathawanso.

Ndiye achimwene a ku Nkhotakota, ngati mukungofuna yoonera magirafu, iyi ikukwanirani. Koma ngati muzilemba malo a odwala m'madoko ndi m'midzi, musaigule. Iliyonse imene angakuonetseni, tulukani nayo panja pa sitolo, muzimitse data ndi Wi-Fi, muone ngati ikupezabe pamene mwaima. Mawu akuti ili ndi GPS awalembe pa risiti musanapereke ndalama. Ine yanga sanandisinthire, ndipo kusitolo kuja sindidzagulakonso kanthu.