Mabuku a zithunzi amene apirira m'manja mwa mwana wathu kuchokera dzinja mpaka chilimwe

Ubwino wa buku la mwana wa zaka ziwiri sudziwika tsiku limene lafika. Sabata yoyamba lililonse limakoma chifukwa ndi lachilendo. Umadziwika pakapita miyezi, mwana atalinyambita, atalikhalira, atalikokera pamchenga, ndipo inu kholo mwaliwerenga mpaka mawu ake mwawaloweza. Limene mungalitsegulenso usiku mutatopa, mtima osadandaula, ndiye loyenera kuligula.

Mabuku athu anafika mvula itangoyamba, m'katoni imene achemwali anga anatumiza kuchokera ku Johannesburg. Iwo amalera ana pabanja lina la Chiyuda kumeneko, ndipo anawo atakula, mayi wapanyumbapo anawauza kuti asankhe mabuku otumiza kumudzi. Anabwera osakanikirana: a zilembo ndi manambala, a nyama, a magalimoto, ndi kagulu kena koonetsa moyo wa Ayuda pakhomo. Pano tili m'kutentha kwa Okutobala kuno ku Nkhotakota, mtsikana wathu akuyandikira zaka zitatu, ndipo mabuku aja adzisankha okha. Ena amagona pamkeka tsiku ndi tsiku, ena sanatulukenso m'ndowa momwe timawasunga.

Ndiyambe ndi kulimba, chifukwa kuno kunyanja nkhaniyi si yaing'ono. Mabuku a masamba okhuthala ngati katoni, oterera pamwamba, onse alipo. Anadutsa nyengo ya mango, anagwidwa ndi manja a kondowole, ndipo kansalu konyowa kanali kokwanira kuwayeretsa. M'makona ndi momwe mwatutumuka pang'ono chifukwa cholumidwa. A mapepala wamba anavutika ndi chinyezi cha Januwale ndi Febuluwale: masamba anapindika, mawaya omangira pakati anachita dzimbiri n'kudetsa pepala, ndipo limodzi linamera nkhungu kuchikuto. Aja okhala ndi tizitseko toti mwana azitsegula kuti aone chobisika anakondedwa kwambiri, koma tizitsekoto tinathothoka mwezi usanathe, ndipo selotepi sichedwa kumatuka kukatentha. La mabatani olira linasiya kulira mabatire atatha, mwana n'kulitaya pomwepo, chifukwa kupatula phokosolo munalibe nkhani. Chiswe ndi mphemvu tazithawa posunga onse m'ndowa yapulasitiki yovindikira, pamwamba pa tebulo, kutali ndi khoma.

Amene anatitopetsa msanga ndi aja a chithunzi chimodzi ndi liwu limodzi patsamba. Mwana amaloza, inu mumatchula, basi mwamaliza. Palibe chofunsa, palibe choseka. Ndiye zinthu zakenso zambiri n'zakutali: chipale chofewa, chimbalangondo, zipatso zomwe ngakhale ine sindinazilawepo. Sindikuti mwana asaone zachilendo, ayi. Koma chachilendo chikakhala chokhachokha patsamba loyera, popanda munthu amene akuchigwiritsa ntchito, mwana alibe pogwira.

Apa ndi pomwe mabuku a Chiyuda aja anaposa anzawo. Ena mwa iwo ali ndi chizindikiro cha PJ Library, ntchito imene inayamba mu 2005 ku Massachusetts, m'dziko la America, yotumiza mabuku aulere kwa ana a mabanja a Chiyuda. Zikuoneka kuti amene anawakonza ankaganizira mwana ndi wamkulu atakhala pamodzi, chifukwa pafupifupi lililonse limachitikira m'nyumba: kukhitchini, patebulo, pamiyendo ya agogo. Zinthu zake n'zachilendo kwa ife, koma anthu ake akuchita zomwe mwana wathu amaziona tsiku lililonse. Akusesa, akusamba, akudikira alendo, akudya pamodzi.

Lokondedwa koposa ndi la Sabata. Ayuda amayamba Sabata Lachisanu dzuwa likamalowa, mpaka Loweruka usiku. M'bukumo mayi akuyatsa makandulo awiri n'kuphimba maso ndi manja, patebulo pali mikate iwiri yoluka imene amaitcha challah, yovindikiridwa ndi kansalu, ndipo makolo akusanjika manja pamitu ya ana kuwadalitsa. Tsamba la kuphimba maso lija mwana wathu analisandutsa masewera ake: amaphimba ake, kenako n'kufuula kuti "Ndaona!" Tsamba la kudalitsa akafikapo amatenga dzanja la abambo ake n'kuliika pamutu pake. Zimenezi palibe anamuphunzitsa, anaziona pachithunzi. Ine chimene chimandigwira mtima m'bukuli n'chakuti palibe amene akuthamanga. Foni palibe, ntchito yaima, aliyense wakhala pansi. Ndikaliwerenga madzulo ndimapuma nawo.

La Hanukkah linagwira ntchito imene buku la manambala linalephera. Chikondwererochi chimatenga masiku 8, chimagwa kumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala, ndipo chimakumbutsa kupatulidwanso kwa Kachisi wa ku Yerusalemu m'chaka cha 164 Yesu asanabadwe. Ndi chomwe chija chimatchulidwa pa Yohane 10:22. Usiku uliwonse amawonjezera kandulo imodzi pachoikapo nyali cha nthambi 9, yachisanu ndi chinayiyo ndi yoyatsira zinzake. Ndiye tsamba lililonse kandulo ikuchuluka, ndipo kachala ka mwana kamayenda nazo. Pano amawerenga bwinobwino mpaka zisanu, kupitirira apo amangolumpha. Magetsi akazima n'kuyatsa kandulo yathu, amathamangira buku lomweli.

Lina ndi la chikondwerero cha Misasa, chomwe iwo amati Sukkot, chija chili pa Levitiko 23. Kwa masiku 7, mu Seputembala kapena Okutobala, banja limamanga kamsasa panja, denga lake la nthambi ndi masamba losiya mipata yoti nyenyezi zizioneka, n'kumadyera momwemo. Apongozi anga atangoona chithunzicho anati, "Amake mwana, chimenechi si chisakasa chathu chomwechi?" Iwo Chingerezi sawerenga, koma bukuli amalifotokoza bwino kuposa tonse. Amayamba ndi "Padangokhala," mdzukulu n'kuyankha "Tili tonse," kenako amayenda ndi zithunzi, n'kulowetsamo za msasa womwe ankagona polondera mpunga kudimba ali mtsikana. Tsiku lililonse nkhani imasintha pang'ono, ndipo mwana akamva kuti agogo adumpha mbuzi imene anaitchula dzulo, amawakumbutsa.

Si onse a gululi amene anatikomera. La Pasaka lili ndi mawu ambiri, ndipo nkhani ya miliri ya ku Iguputo ndi yolemera kwa mwana wamsinkhu uwu. Amangofuna tsamba limodzi, pomwe ana akusakasaka chidutswa cha mkate wopanda chotupitsa chimene akulu abisa. Talisunga kuti adzalipeze akadzafika zaka zisanu. Lina ladzaza ndi mawu a Chiheberi olembedwa m'zilembo zathuzi popanda kumasulira, moti wowerenga amapunthwa mzere uliwonse, mwana n'kunyamuka kupita kukasewera. Abwino ndi aja ali ndi kandime kumapeto kofotokozera kholo tanthauzo la mwambowo. Kandimeko n'kofunika, chifukwa ndi chipembedzo cha anthu ena ndipo sindifuna kumuuza mwana zongopeka. Ifeyo ndife Akhristu, miyamboyi sitiichita, ndipo sitiisandutsa sewero. Ndimangomuuza kuti, "Kwawo kwa mwana uyu amapemphera chonchi." Kuno ku Nkhotakota, kumene Asilamu ndi Akhristu akhala moyandikana kuyambira nthawi ya a Jumbe, mawu amenewa mwana sawavutikira. Amamva kuitana kwa kumzikiti m'mamawa, Lamulungu amamva belu la tchalitchi. M'gululi mulinso buku limodzi lolembedwa m'Chiheberi chokhachokha, lotsegulira kumanja kupita kumanzere. Ana oyandikana nafe amene amapita ku madrasa analigwira moyenera nthawi yomweyo, poti Chiarabu chimayendanso chomwecho, ndipo ndi iwo anamuonetsa mwana wathu poyambira.

Chomwe chapulumutsa mabuku onse otsalawa n'chimodzi: amalola kuti tiwafotokoze m'Chichewa. Mawu olembedwawo ndi Chingerezi, koma kunyumba kuno sitiwawerenga momwe alili. Timayang'ana chithunzi n'kulankhula. Buku likakhala kuti zithunzi zake zikunyamula nkhani pazokha, zimenezi zimayenda. Likakhala kuti kukoma kwake kuli m'mawu a Chingerezi omveka mofanana kumapeto kwa mizere, likalowa m'Chichewa limazizira. Choncho ndikamasankha tsopano, ndimabisa mawu ndi dzanja n'kuyang'ana ngati ndingathe kunena nkhaniyo kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Ndimayang'ananso ngati muli kanthu kakang'ono kobwerezabwereza, monga mphaka wobisala pansi pa tebulo tsamba lililonse, chifukwa mwana amakasaka yekha, inu n'kupumako. Abambo ake amawonjezera muyeso wawo: lithe mphindi zochepa, popeza akudziwa kuti akangotseka amva "Ababa, kenanso!"

Chimene chimandiwawa n'chakuti m'ndowa yonseyi mulibe buku lolimba ngakhale limodzi la m'Chichewa. Mulibe bwato, mulibe usipa pathandala, mulibe mayi wobereka mwana kumbuyo. Mabuku a Chichewa amene ndawapeza ndi a ana asukulu, a mapepala opyapyala, mawu ambiri. Ndikaona mmene Ayuda aikira mtima polembera ana aang'ono kwambiri za kandulo ndi mkate wapakhomo pawo, ndimafunsa kuti ifeyo tikudikira chiyani kujambula za kuphika nsima, za chinkhoswe, za kukolola mpunga, za agogo akusenda chinangwa. Mwana amene wazolowera kutsegula buku asanalowe Sitandade 1 sayamba sukulu ngati mlendo.

Pakadali pano tadzithandiza ndi intaneti. African Storybook, ntchito ya bungwe la Saide la ku South Africa, ili ndi tinkhani ta zithunzi taulere m'zilankhulo zambiri za mu Africa, Chichewa chilimo. Book Dash, yomwe inayamba mu 2014 ku South Africa komweko, nayo imapereka mabuku ake kwaulere, ndipo ena alibe mawu n'komwe, zomwe zimawayenera apongozi anga. Ndinasankha tingapo, n'kukasindikiza paboma pomwe amapanga fotokope, n'kuwauza akute tsamba lililonse ndi pulasitiki. Mtengo wa kusindikiza kwa mitundu umaluma, ndiye ndi bwino kuyamba mwamuonetsa mwana pafoni kuti muone ngati nkhaniyo yamugwira. Mukumbukirenso kudula makona akhale ozungulira, chifukwa pulasitikiyo ndi yakuthwa. Pomanga tinaboola mabowo n'kulowetsa chingwe, mawaya ayi.

A zilembo ndi a magalimoto amene sankatsegulidwa aja tinakapereka kusukulu ya mkombaphala ya m'dera lathu, kumene ana okulirapo akuwagwiritsa ntchito ndi alezi awo. Achemwali anga ndawauza kuti akapezanso mwayi, atumize a masamba okhuthala okha, a anthu akuchita zinthu m'nyumba, ndipo ngati pali la chaka chatsopano cha Ayuda, lija amaviika maapozi mu uchi n'kuliza nyanga ya nkhosa yamphongo, limenelo alitsogoze.