Horchata ya ku Mexico: Mpunga Woviika Kapena Ufa Wogula?

Dzuwa likaswa mtengo ku Mexico, anthu amathetsa ludzu ndi horchata, chakumwa choyera cha mpunga, sinamoni ndi shuga. Kunyumba mungachikonze m'njira ziwiri.

Yoyamba, mumaviika kapu imodzi ya mpunga wosaphika pamodzi ndi khungwa la sinamoni m'makapu 4 a madzi kwa maola 8. Kukacha mumapera mu blenda, n'kusefa pa nsalu yoyera, kenako shuga ndi ayezi. Yachiwiri, mumangosungunula ufa wa horchata wa m'paketi m'madzi ozizira.

Nthawi: mpunga umafuna usiku wonse, ufa mphindi 2 zokha.
Mtengo: mpunga ndi wotchipa, ngakhale wosweka umachita bwino. Paketi imadula.
Kusunga: chopangidwa kale chimatha masiku 3 mufiriji, pomwe ufa wouma umakhala miyezi.

Pa kakomedwe mpamene zimasiyanirana kwambiri. Mpunga woviika umatulutsa fungo lenileni la sinamoni, ndipo shuga mumayeza nokha. Wa m'paketi nthawi zambiri umatsekemera mopitirira. Koma mukasefa mwaulesi, woviikawo umamveka ngati mchenga pakhosi, ndipo musaiwale kutakasa, chifukwa timisere timadikha pansi.

Alendo akakudzidzimutsani, tsegulani paketi. Ngati mukudziwiratu kuti mawa kutentha, viikani mpunga usiku uno.