Maphunziro a kalembedwe ka CV aja: mmene andiyendera kuno ku Mangochi

Nditangomaliza maphunziro a pa WhatsApp ophunzitsa kulemba CV ndi kutsatsa malonda pa intaneti ndinawayamikira kwambiri, ndipo ndikudziwa kuti ena munalipira nawo mutamva kwa ine. Papita miyezi tsopano, dzinja ladutsa, mwera wawomba mpaka waleka, ndiye ndi bwino ndikuuzeni zomwe zatsala m'manja. Theka la maphunzirowa likundidyetsa mpaka lero. Theka linalo analikonzera anthu a kwina, osati ife a pa Boma pano.

Kwa amene simukuwadziwa, mphunzitsi wake amakulowetsa m'gulu la WhatsApp ukalipira, n'kumatumiza timavidiyo, mawu ojambula ndi zitsanzo za CV. Gawo loyamba ndi la kasinthidwe ka CV kuti igwirizane ndi ntchito imene munthu akufunsira. Lachiwiri ndi la kapezedwe ka makasitomala pa Facebook ndi pa WhatsApp. Ine ndili ndi kashopu kotayipa ndi kuchita fotokope kufupi ndi msika, ndipo ndinalowa maphunzirowa pofuna kuti CV ikhale malonda apaokha, osati kungotayipa zomwe munthu wabwera nazo papepala.

Chimene ndapindula nacho kwambiri ndi chizolowezi chimodzi: sindiyamba kulemba ndisanaone chilengezo cha ntchito. Kale munthu ankabwera ndi CV imodzi, kuchititsa fotokope mulu, n'kumwaza kulikonse, ku malo ogona alendo, ku chipatala, ku mabungwe omwe si a boma, kalata yake yomweyomweyo, kungosintha adiresi pamwamba. Lero ndimamufunsa kuti chilengezo chili kuti. Kaya wachijambula mu The Nation kapena The Daily Times, kaya chinamatidwa pa bolodi la ku khonsolo, kaya chabwera pa gulu la WhatsApp, timachipulinta, ndimatenga bolopeni yofiira n'kudula mzere kunsi kwa chilichonse chimene olemba ntchito akufuna. Kenako timafufuza m'moyo wa munthuyo momwe muli zimenezo.

Mayi wina wa cha ku Namwera anabwera ndi chilengezo cha ukalaliki wa kusitolo pa malo ena ogona alendo a m'mbali mwa msewu wa ku Monkey Bay. Pepala lija linkafuna munthu wodziwa kusunga mabuku, kuwerengera katundu ndi kugwira ndalama. CV yawo yakale inali ndi dzina, tsiku lobadwa, mudzi, mfumu yaikulu, chipembedzo, zokonda kuchita, ndipo pamalo pa ntchito zomwe anagwirapo panali mawu amodzi okha: None.

"Mayi, chimalizireni Fomu 4 mwakhala mukuchita chiyani?"

"Palibe achimwene, ndangokhala."

"Nanga ana akudya chiyani?"

Anaseka. Kufunsafunsa, zinapezeka kuti mayiwa ndi mlembi wa banki mkhonde ya m'mudzi mwawo kwa zaka. Kaundula wa masheya ndi ngongole amalemba ndi iwo, ndipo ikafika nthawi yogawana kumapeto kwa chaka, masamu onse amadalira iwo. Komanso amapikula usipa wouma kudooko n'kumatumiza ku Limbe, ndipo ali ndi kope lomwe amalembamo matumba, mtengo wogulira, ndalama ya thiransipoti ndi zotsala. Kope lija anali nalo m'chikwama, lopindika m'makona, lonunkha nsomba, mizere yake yojambula ndi rula. Zonse zitatu zimene chilengezo chinkafuna zinali mmenemo. Tinazilemba m'Chingerezi chosavuta, mawu ake omwewo a m'chilengezo, popanda kuwonjezera bodza ngakhale limodzi. Anawaitana ku intavyu. Ntchitoyo anatenga wina wa dipuloma, koma kwa mayiwa aka kanali koyamba kuitanidwa chiyambireni kuponya makalata.

Apa ndi pomwe maphunzirowa amathera panjira. Mphunzitsi amaganiza kuti kasitomala akutumizira CV yakale yodzaza kale, iwe n'kungosanja bwino. Kuno ambiri saona zomwe amachita ngati ntchito. Wa kabaza amene wasunga njinga yamoto ya bwana wake zaka zitatu osaigwetsa, mtsikana amene amaphunzitsa ana ku madrasa, mnyamata amene amayang'anira anzake pa bwato la chilimira ndi kugawa ndalama akagulitsa, onsewa amayankha kuti "ndilibe experience". Kuti uzitulutse zimafuna kukhala pansi ola lathunthu, nthawi zina kusiya Chichewa n'kulowa Chiyao kuti munthu amasuke. Luso limeneli ndaliphunzira pabenchi panga, ndipo ndilo limadya nthawi yambiri, pomwe mtengo umene mphunzitsi anatilangiza unali wowerengera kutayipa kokha.

Za anyamata obwerera ku Joni nazonso sanazikhudze, chonsecho kuno ndi nkhani ya pafupifupi khomo lililonse. Munthu wakhala zaka ku Johannesburg kapena ku Durban, wagwira m'shopu, m'munda wa maluwa, pa ntchito zomanga, koma alibe kalata iliyonse yosonyeza. Akasiya osalemba, CV imaoneka ngati anagona zaka zonsezo. Ndimalemba zomwe ankachita, mzinda ndi zaka, ndipo ngati bwana wakale akumuyankhabe pa WhatsApp, nambala yake yoyamba ndi +27 ija timaiika pa mboni. Koma timayamba tamutumizira uthenga kumupempha. Ndimatero ndi mboni zonse, chifukwa manambala a aphunzitsi aakulu omwe anthu amakopera pa CV zakale, ambiri anasiya kalekale kugwira.

Zitsanzo za CV zomwe anatipatsa ndi zokongola pafoni: mizati iwiri, mbali imodzi yopaka mtundu, chithunzi chozungulira pamwamba. Papepala ndi nkhani ina. Zimamwa inki, ndipo zikadutsa mu fotokope mbali yopakayo imada bii, nambala ya foni osaonekanso. Ndinatsala ndi chitsanzo chimodzi choyera, chopanda chithunzi, masamba osapitirira awiri. Mphunzitsi anathera nthawi yaitali pa ATS, mapulogalamu a pa kompyuta omwe amasefa ma CV munthu asanawaone. Zimenezo n'zoona ku mabungwe akuluakulu akunja omwe umafunsira ntchito pa webusaiti yawo, koma makalata ambiri ochoka pashopu panga amapita mu envulopu kapena pa imelo, ndipo amawerenga ndi munthu wotopa amene ali ndi mulu patebulo. Mwamwayi CV yoyera imakomera onse awiri.

Zina zing'onozing'ono zakhazikika ndithu. Chilengezo chikati akufuna MSCE yokhala ndi credit m'Chingerezi ndi Masamu, magiredi a maphunziro awiriwo ndimawaika poonekera, popeza aliyense wolemba ntchito amadziwa kuti 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit. Ngati ntchito ndi ya manja, satifiketi ya TEVETA imakwera pamwamba pa MSCE. Mizere ya chipembedzo ndi mtundu ndimaichotsa pokhapokha ngati ntchitoyo ndi ya ku mzikiti kapena ku mpingo. Ena amakana, ati CV ikuoneka yoperewera, ndiye ndimawauza kuti lamulo la za ntchito la chaka cha 2000 limaletsa kusala munthu chifukwa cha chipembedzo kapena mtundu, choncho palibe chifukwa chouza munthu zomwe sanafunse.

Tsono gawo lachiwiri, la kutsatsa. Malangizo ake akulu anali akuti tsegula tsamba pa Facebook, ika zithunzi zokongola tsiku lililonse, ndipo uzilipira kuti uthenga wako ufikire anthu ambiri. Kulipirako kumafuna khadi la ku banki lotha kugula zinthu kunja, pomwe ambiri a ife ndalama zathu zimayendera Airtel Money ndi Mpamba. Ukapeza wokubwereka khadi, mtengo wake umatsatira dola, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, kandalama komwe mphunzitsi amakatchula ngati kochepa ndi ndiwo za sabata kuno. Ndinayesa ndithu. Zala zoyamikira zinabwera zambiri, mauthenga nawo anabwera, koma ochuluka anali a mawu amodzi: "Zingati?" Ukayankha, zii. Ena ankaganiza kuti ndine wolemba anthu ntchito, n'kumatumiza zithunzi za ziphaso zawo usiku pakati kuti ndiwaganizire. Kunali kuponya khoka pamalo pomwe pali mafunde okha.

Sindikunena kuti njira imeneyi ndi yabodza. Wogulitsa nsapato ku Lilongwe, amene kasitomala wake amaona chithunzi n'kukopeka, mwina imamuyendera. Koma CV munthu saigula chifukwa cha chithunzi. Amafuna wina amene amamudziwa amuuze kuti uyu anandilembera ine ndipo anandiitana. Komanso anthu anapsa kale ndi akathyali a pafoni, aja amati "tumizani pa nambala iyi", ndiye kutumiza ndalama kwa munthu amene sunamuonepo nkhope n'kovuta. Mphunzitsi sananenepo chilichonse za mantha amenewa, pomwe ndiwo khoma lalikulu kwa aliyense woyamba malonda pa intaneti m'dziko muno.

Zomwe zandibweretsera anthu ndi zotchipa. Status ya WhatsApp, yomwe imakhala maola 24, ndimaikapo chilengezo chenicheni cha ntchito ndi tsiku lotsekera, pansi pake n'kulemba kuti amene akufuna kufunsira abwere nacho. Mawu ojambula a mphindi imodzi, ena m'Chichewa ena m'Chiyao, amayenda kutali kuposa chithunzi cholembedwa Chingerezi, chifukwa anthu amatumizirana m'magulu a m'mabanja mpaka ku Makanjira ndi ku Chiponde. Za broadcast, njira yotumizira anthu ambiri uthenga umodzi nthawi imodzi pa WhatsApp, anatiphunzitsa, koma sanatiuze kuti uthengawo umafika kwa okhawo amene anasunga nambala yako, ndiye tsopano aliyense wobwera kudzachita fotokope ndimamupempha aisunge ndili pomwepo. WhatsApp Business yokha ndiyo ndingati mphunzitsi anaifotokoza bwino: mayankho okonzeratu ndi zizindikiro zosiyanitsa amene walipira ndi amene sanalipire zimandipulumutsa masiku a chipwirikiti.

Chipwirikiticho chimabwera mwa nyengo, chinthu china chomwe woyamba ayenera kudziwa asanasiye zina zonse. Zotsatira za MSCE zikatuluka, kapena boma likalengeza ntchito za zaumoyo ndi za uphunzitsi, pakhomo pamadzaza. Nthawi yomwe ankalemba anthu ogwira ntchito zosakhalitsa za chisankho cha pa 16 September 2025, pulinta sinkapuma. Kenako pamadutsa masabata opanda ngakhale mmodzi, ndipo chomwe chimalipira lendi ndi fotokope yomwe ija. Lachisanu masana sindiyembekezera munthu. Magetsi akazima ndimalembera pafoni n'kudikira kupulinta, ndipo bandulo imatha mofulumira ukamatsegula mavidiyo a mphunzitsi, omwe bwenzi atangokhala mawu okha.

Pa kalipiridwe ndinakhazikitsa lamulo langa, chifukwa maphunziro sananenepo. Wakutali amalipira theka poyamba, ndimamutumizira chithunzi cha tsamba loyamba kuti aone, akamaliza kulipira ndiye PDF imapita. Amene wabwera yekha amalipira akawerenga. Ndipo mtengo ndi wa ntchito imodzi yofunsira, osati wa CV, popeza chilengezo china chikatuluka timasinthanso, ngakhale ulendo wachiwiri ndimatsitsa kwambiri chifukwa kufunsa kuja kunachitika kale.

Pali zinthu ziwiri zomwe ndimakana. Wina amabwera n'kunena motsitsa mawu kuti, "Bwana, ingoikanipo dipuloma, sakafufuza." Amafufuza, ndipo ku intavyu amafuna mapepala enieni. Chachiwiri ndi zilengezo zonena kuti wofunsira atumize ndalama ya fomu kapena ya yunifolomu pa nambala ya foni. Zoterezi sindilembera munthu CV, ndimamuuza kuti asunge ndalama zake. Zimandichotsera malonda tsiku limenelo, koma sindifuna dzina la shopu yanga limveke pa nkhani ya munthu wobedwa. Komanso kompyuta yanga imadzaza ndi zithunzi za ziphaso za unzika ndi masatifiketi a anthu. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la chaka cha 2024, lomwe amaliyang'anira ndi a MACRA, ndiye ndimasunga CV yokha ngati mwini wake wavomera, zithunzi za ziphaso n'kufufuta akangonyamuka. Izinso mphunzitsi sanazitchule.

Mpikisano wakula m'miyezi imeneyi. Anyamata a foni zabwino akulembetsa CV kwa mapulogalamu a AI n'kumagulitsa motchipa. Ndaonapo zingapo: Chingerezi chake chosalala, koma zonse zimafanana, aliyense ndi "highly motivated", ndipo mwini wake akafunsidwa tanthauzo la chiganizo choyamba amayang'ana pansi. Ine ndikamaliza kulemba ndimamuwerengetsa munthu mokweza mzere uliwonse, ndipo liwu lomwe lamukanika timalisintha.

Ndiye kodi mulipire? Ngati muli kale ndi malo omwe anthu amakupezani, kompyuta ndi pulinta, gawo loyamba lidzabweza ndalama yanu. Ngati mukuganiza kuti mungokhala pakhomo ndi foni makasitomala n'kumabwera okha kuchokera pa Facebook, dikirani kaye. Ndinamulembera mphunzitsi kumupempha kuti azigulitsa magawo awiriwa padera, ndiponso awonjezere phunziro la kafunsidwe ka kasitomala amene sanalembedwepo ntchito. Anayankha kuti aganizira, koma pomwe ndikulemba pano mtengo ukadali umodzi wa zonse.