Mabuku amawadziwa, koma musalipire musanatsegule pulasitiki

Ndemanga iyi ndi ya bambo aja ogulitsa mabuku m'kachipinda ka m'tauni, amene ambiri a ife a ku Mbare, Highfield ndi Mufakose timawalembera pa WhatsApp tikafuna buku losowa. Mitengo yawo mukuidziwa kale, madola 5 buku lakale ndi madola 15 latsopano, ndipo chenji chimavuta monga paliponse mu Harare muno. Ine ndimagula kwa iwo kawirikawiri chifukwa ndikulemba buku langa loyamba, nkhani ya banja la ku Dedza limene linabwera ku Salisbury (dzina lakale la Harare) kudzafuna ntchito n'kutchona, ndipo ntchito yotere imafuna kuwerenga kochuluka kuposa mmene thumba limalolera.

Ndinaitanitsa mabuku atatu a Tsitsi Dangarembga ofotokoza moyo wa Tambudzai: Nervous Conditions la 1988, The Book of Not la 2006 ndi This Mournable Body la 2018, lija linafika pa mndandanda womaliza wa mphoto ya Booker mu 2020. Ndinanenetsa mu uthenga wanga kuti ndikufuna mabuku enieni, ndipo ndinalipira mtengo wa enieni. Loyamba ndi lachitatu analibe vuto. Lachiwiri linabwera lokutidwa bwino m'pulasitiki, ndipo nditaling'amba kunyumba ndinapeza kuti ndi fotokope. Chikuto chinali chonyezimira koma mitundu yake yosuluka, zilembo zinali zotuwa, mizere ina yopendekera kumanja, ndipo m'mphepete mwa tsamba lililonse munali mthunzi wakuda wosonyeza pamene buku lenileni linapindidwira pa makina. Pa tsamba lina panajambulika ngakhale chala cha munthu amene ankalikanikiza bukulo, chikhadabo chake chikuonekera bwinobwino pamwamba pa ndime yoyamba. Zonsezi ndikanapirira, koma nditafika pakati, Tambudzai ali pa sukulu ya masisitere ija nkhondo ya ufulu ili m'kati, nkhani inangodumpha. Masamba ena anabwerezedwa kawiri, ena kunalibiretu, ndipo guluu atauma otsalawo anayamba kuthothoka ngati nthenga za nkhuku ya chitopa.

Nditalibweza, mnyamata amene amawathandiza sanalitsegule n'komwe. Anangoti, "Amayi, buku ndi mawu, pepala ndi pepala basi." Ndinamuyankha kuti mawuwo ndiwo akusowa, ndipo ndinapempha kuonana ndi eni ake. Bambowo atabwera sanakane kuti ndi fotokope, koma anati aliyense akugulitsa zomwezo masiku ano, ndipo ndalama zikalowa m'kabati sizituluka. Apa ndi pamene ndinapsa mtima kwenikweni. Tonse timawaona mabuku a sukulu ojambulidwa atayalidwa m'mbali mwa misewu ya m'tauni, ndipo makolo amene amawagula amadziwa chimene akugula, amalipiranso mtengo wotsika. Kutenga buku lotero, kulikuta m'pulasitiki kuti wogula asalione m'kati, n'kulandira madola 15, ndi chinyengo chopanda dzina lina. Pa buku lojambulidwa wolemba salandira kalikonse, ngakhale wosindikiza, ndipo munthu amene akulimbana ndi mutu wachinayi wa buku lake usiku uliwonse sangaimve nkhani imeneyi mopepuka.

Ndalama anakanitsitsa kubweza, koma anavomera kusinthitsa, ndipo chimene chinachitika pamenepo ndicho chikundiletsa kuwanyozeratu. Anandifunsa chimene ndikulemba, anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anakasuntha makatoni a kuseri n'kutulutsa Waiting for the Rain la Charles Mungoshi, lija linatuluka mu 1975, la chikuto chakale cha African Writers Series, lili ndi chidindo chofufutika cha laibulale ya sukulu. "Mayi, ngati mukulemba za banja limene mwana wake akuchoka, yambirani apa," anatero. Sanalakwitse. Nkhani yonse imachitika m'masiku ochepa, pamene mnyamata wina dzina lake Lucifer wabwerera kumudzi kudzatsanzika asanapite kutsidya kwa nyanja, akuluakulu akumukonzera mankhwala ndi malangizo amene iye sakuwafuna, mkulu wake Garabha akungoyendayenda ndi ng'oma yake. Chimene ndinatolamo monga wophunzira kulemba n'chakuti Mungoshi salola anthu ake kunena poyera chimene chikuwapweteka. Amakambirana za chakudya, za mvula, za ulendo, ndipo wowerenga amamva yekha kuti banjali likusweka. Anthu a m'buku langa ankalongosola zakukhosi kwawo m'ndime zazitali, ndipo tsopano ndikuwadula pakamwa.

Anandiwonjezera Butterfly Burning la Yvonne Vera, la 1998, lonena za moyo wa m'lokeshoni ya Makokoba ku Bulawayo m'zaka za m'ma 1940. Chingelezi chake n'cha ndakatulo ndipo chimafuna kuwerenga modekha, koma aliyense amene agogo ake anakhalapo m'tizipinda ta m'malokeshoni a nthawi ya atsamunda adzalikonda. The House of Hunger la Dambudzo Marechera, la 1978, ndinali nalo kale. Ndimalilemekeza kwambiri, komabe sindingalangize woyamba kulemba kuti alitsanzire, chifukwa ukali wa Marechera ukakhala m'manja mwa munthu wina umasanduka phokoso chabe.

Za mabuku a Chichewa, amene kuno ndi osowa kwambiri, bambowa amawaitanitsa ku Blantyre kudzera pa mabasi odutsa ku Tete ndi Nyamapanda. Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe linafika mochedwa kuposa mmene analonjezera, koma linali lenileni ndiponso lathunthu. Nthondo la Samuel Josia Ntara, lija la 1933, akuti akulifunafunabe, ndipo pa limeneli sindinapereke ndalama iliyonse, sindiperekanso mpaka nditaligwira m'manja.

Ndikuwapatsa nyenyezi zitatu pa zisanu. Mu mzinda uno ndi ochepa ogulitsa amene angamve chimene munthu akulemba n'kumupatsa buku loyenera nthawi yomweyo, ndipo pa mabuku akale sanandikhumudwitsepo. Pa mabuku atsopano, ng'ambani pulasitiki iwo akuona, yang'anani m'mphepete mwa masamba ngati muli mthunzi wakuda, ndipo tsatirani manambala a masamba a pakati musanatulutse ndalama. Mnyamata wawo uja akayamba kukulalikirani za pepala, funsani eni ake. The Book of Not lenileni analonjeza kundipezera pa mtengo wa madola 15 ena, ndipo ndawauza kuti ndidzaligula kwina.