Google Search Console: chida chaulere chodziwira ngati Google ikuliona tsamba lanu

Mwini loji pa Dedza boma, kapena kopaletivi ya alimi a kachewere ku Tsangano, akalipira munthu wowapangira webusayiti amayesa kuti ntchito yatha tsiku limene tsambalo latseguka pafoni. Pakapita mwezi, mlendo wofuna pogona asanapite kukaona zojambula za m'mapanga a Chongoni afufuza pa Google, lojiyo osatuluka. Mwini wake aloza chala wopanga tsamba, wopanga tsamba akuti Google imachedwa. Woweruza mlandu wotere ndi Google Search Console, ndipo salipiritsa ngakhale tambala. Ndi chida chochilandira ndi manja awiri, ngakhale zilema chili nazo.

Dzinali linabwera mu 2015, kale chinkatchedwa Google Webmaster Tools. Kuti malipoti ake amveke, dziwani kaye kuti pali ntchito ziwiri zosiyana zimene zimachitika tsamba lisanayambe kutuluka. Loboti ya Google, dzina lake Googlebot, imayenda pa intaneti kutsata malinki n'kumakopera masamba amene yawapeza. Kenako Google imawerenga zokoperazo n'kusankha zolowa m'kaundula wake, amene amati index. Amene anadikirapo makuponi a feteleza akudziwa kuti kufikiridwa pakhomo ndi wolemba mayina si kupezeka pamndandanda. Search Console imakuuzani ngati munafikiridwa, linali liti, komanso ngati dzina lanu linalowa.

Polowa pamafunika akaunti ya Google ndi umboni woti tsambalo ndi lanu. Njira ya Domain imafuna kuti mupite kumene munalembetsa dzina la webusayiti, kaya ndi la .mw kapena .com, n'kuika mzere umodzi wa mawu (TXT) umene Google yakupatsani mu DNS, kaundula wa dzinalo. Imeneyi ndiyo yabwino chifukwa imaphimba zonse: http, https, za www ndi zopanda www. Njira ya URL prefix ndi yachangu, mumangoika kafayilo ka HTML (chinenero cholembera masamba) pa seva, kompyuta yosunga webusayiti yanu, kapena kamzere kobisika kotchedwa meta tag patsamba loyamba, koma imangoona maadiresi oyamba ndendende ndi zimene mwalembazo. Mukalemba http pomwe tsamba lili pa https, malipoti amabwera opanda kanthu, inu n'kumadandaula kuti palibe akukuonani. Kafayiloko kapena mzere wa TXT musadzafufute, Google imabwerera kudzaonanso. Ndipo umwini ukhale pa imelo ya bizinezi, wopanga tsamba mungomupatsa chilolezo cholowera. Mnyamatayo akapita ku Joni, domeni ndi pasiwedi zili m'dzina lake, mudzalira.

Chokoma kwambiri m'chidachi ndi URL Inspection, bokosi lili pamwamba penipeni. Mumamatamo adiresi ya tsamba limodzi, tinene la mitengo ya zipinda, ndipo limakuuzani ngati lili m'kaundula, tsiku limene Googlebot inafika komaliza, kumene inamva za tsambalo, ngati inaloledwa kulowa, ndi adiresi imene Google yaisankha kukhala yeniyeni pakati pa zofanana. Mukadina "Test live URL", Google imapita nthawi yomweyo n'kukubweretserani chithunzi cha zimene yaona pamodzi ndi HTML yake. Chithunzicho chiyang'aneni bwino. Google masiku ano imayendera masamba ngati munthu wa pafoni, ndiye zimene wopanga tsamba anazichotsa pafoni kuti pasadzaze, kwa Google kulibe. Googlebot sidinanso mabatani: mitengo imene imachita kukokedwa ku seva munthu akadina "onani zambiri" siifika m'maso mwake.

Pomwepa ndi pamene pamaonekera matenda ofala kwathu kuno, a kuika zonse pachithunzi. Positala yokongola, mayina a zakudya, mtengo wa thumba la kachewere pa Lizulu, nambala ya foni, zonse zasungidwa ngati JPG. Munthu amawerenga bwinobwino, koma mukafufuza mu HTML imene URL Inspection yabweretsa, mawu oti Dedza kapena Ntcheu mulibe. Mawu ofunika alembedwe ngati mawu, chithunzi chikhale chokometsera.

Lipoti la Pages limagawa masamba pawiri, olowa m'kaundula ndi osalowa, ndipo osalowawo limawaika m'magulu ndi zifukwa zake, m'Chingerezi chouma. Si gulu lililonse limene lili vuto. "Page with redirect" ndi tsamba lakale lolozera ku latsopano, zili bwino choncho, bola mzere wolozerana usatalike, chifukwa Googlebot imatsata mpaka 10 basi. "Soft 404" ndi tsamba limene seva ikuti lilipo, yayankha 200, nambala yosonyeza kuti zonse zili bwino, koma m'kati mulibe kanthu, monga gulu la katundu lopanda katundu. Lidzazeni kapena liyankhe 404 yeniyeni, nambala yonena kuti tsambalo kulibe. "Duplicate without user-selected canonical" imabwera pamene nkhani imodzi ikupezeka pa maadiresi angapo, ndipo mankhwala ake ndi kulozera onse kumodzi ndi 301, nambala yonena kuti tsamba lasamukiratu, kapena kuika rel canonical, kamzere kouza Google adiresi yeniyeni. "Discovered – currently not indexed" ikutanthauza kuti Google yamva za tsambalo koma sinafikeko. Kawirikawiri limakhala tsamba lamasiye, lopanda linki iliyonse yochokera ku masamba anzake, kapena seva ikuchedwa kuyankha.

Misampha iwiri ikuluikulu chidachi chimaigwira bwino. Woyamba ndi wa WordPress, pulogalamu yomangira mawebusayiti. Mu Settings, pa Reading, pali kabokosi kakuti "Discourage search engines from indexing this site". Opanga masamba amakachonga pamene akumanga, tsiku lopereka ntchito n'kuiwala kukachotsa. Tsamba lililonse limanyamula noindex, chizindikiro chouza Google kuti isalilowetse m'kaundula, ndipo lipoti limaonetsa "Excluded by 'noindex' tag" kuyambira loyamba mpaka lomaliza. Kukonza kwake ndi mphindi imodzi, koma anthu amatha miyezi osadziwa.

Wachiwiri ndi robots.txt, kafayilo kokhala pakhomo pa domeni kouza maloboti kumene sayenera kulowa. Mzere wa "Disallow: /" umatsekera Googlebot panja pa webusayiti yonse. Koma ambiri amasokoneza apa: robots.txt imaletsa kuyendera, siiletsa kulowa m'kaundula. Tsamba lotsekedwa likhoza kutulukabe pa Google, lopanda mawu ofotokoza, ngati wina analiikira linki kwina. Ndipo mukaika noindex patsamba limene mwalitsekanso mu robots.txt, Googlebot siiona noindex yanuyo chifukwa simunailole kulowa. Zili ngati kupachika chikwangwani kuchipinda n'kukhoma chitseko chakumaso. Kulemba noindex m'kati mwa robots.txt momwemo Google inasiya kukumvera pa 1 September 2019.

Za sitemap sitichedwapo. Ndi mndandanda wa masamba anu, fayilo imodzi imalola maadiresi 50,000 kapena 50MB, malire amene loji ya masamba 20 sidzawafika. WordPress kuyambira 5.5 imapanga yokha pa /wp-sitemap.xml, mumangopereka adiresiyo pa Sitemaps. Muikemo masamba amoyo okha amene mukufuna atuluke. M'fayiloyi Google siilabadira mizere ya priority ndi changefreq, imayang'ana lastmod, tsiku limene tsamba linasinthidwa komaliza, ngati madeti ake amakhala oona. Musavutikenso ndi nkhani ya crawl budget, malire a masamba amene Googlebot ingayendere pa webusayiti imodzi, imene ena amaopsezera nayo makasitomala: ndi nkhawa ya mawebusayiti a masamba zikwizikwi.

Mu Settings muli Crawl stats, lipoti la masiku 90 apitawa, limene ambiri salitsegula. Limaonetsa kuchuluka kwa maulendo a Googlebot, nthawi imene seva imatenga kuyankha, ndi masiku amene inalephera. Seva ikamayankha 500 kapena 503, manambala osonyeza kuti yalephera, Googlebot imachepetsa maulendo, ndipo zikapitirira masamba amayamba kugwa m'kaundula. Ngati robots.txt yeniyeniyo ndi imene ikuyankha choncho, Google imayamba yaima kaye kuyendera. Amene anaiwala kulipira hosting, lendi ya seva, kwa milungu iwiri adzaona dzenje lake pagirafu, ndipo kwa amene analipira, girafu yomweyo ndi umboni wabwino wopita nawo kwa wogulitsa hosting akamakana kuti seva yake inagwa.

Tsopano zilema. Choyamba, Chichewa mulibe, ndipo Chingerezi chake ndi cha akatswiri. Chachiwiri, ndipo ichi ndiye chowawa, gulu la "Crawled – currently not indexed" silifotokoza kanthu. Google yafika, yawerenga, yakana, chifukwa osanena. Kawirikawiri limakhala tsamba lowonda, mizere itatu ndi chithunzi, kapena mawu okopera kwina, kapena masamba asanu ofanana amene anangosintha dzina la malo: Bembeke, Chimbiya, Golomoti, zina zonse zomwezo. Koma zimenezi mumazipeza nokha poyerekeza ndi masamba amene analowa. Batani la "Request indexing", lopempha Google kuti ilowetse tsamba m'kaundula, anthu amalidina ngati belu la tchalitchi, chonsecho lili ndi malire patsiku, kubwereza sikufulumizitsa kanthu, ndipo silikulonjezani kuti tsamba lilowa. Malipoti amatsalira masiku angapo, "Validate fix", yopempha Google kuti ione zimene mwakonza, imatha kutenga milungu iwiri kapena kuposerapo, zitsanzo za gulu lililonse zimathera pa 1,000, ndipo ziwerengero za Performance, lipoti la anthu amene akukuonani ndi kukudinani pa Google, zimasungidwa miyezi 16 yokha. Pafoni matebulo ake amapanikizana, ndi bwino kukhala pa laputopu.

Amene ali ndi masamba m'zinenero ziwiri, asasakanize Chichewa ndi Chingerezi patsamba limodzi. Google imazindikira chinenero powerenga mawu ooneka patsambalo, ndiye chilichonse chikhale ndi adiresi yake, n'kuzilumikiza ndi hreflang, kamzere kouza Google chinenero cha tsamba, "ny" ya Chichewa ndi "en" ya Chingerezi. Search Console siionetsanso lipoti la zolakwika za hreflang, muyenera kuona nokha mu HTML.

Ngati bizinezi yanu ili pa Facebook pokha, webusayiti mulibe, umwini wa facebook.com simungautsimikize, ndiye zonse tafotokozazi sizikukhudzani. Komanso kutuluka pa mapu, pamene woyendetsa galimoto pa M1 akufuna malo odyera pafupi ndi Ntcheu boma, ndi nkhani ya Google Business Profile, imene imalembetsedwa payokha. Amene mwamaliza kutsimikiza umwini ku Search Console, tsegulaninso Bing Webmaster Tools, chida chofanana nacho cha Bing, yofufuzira ya Microsoft: ili ndi batani lokokera mawebusayiti anu kuchokera ku Search Console pamodzi ndi masitemapu ake, osabwerezanso za DNS zija.