Denon AVR-X1700H: ampulifaya yosunga besi voliyumu ikatsitsidwa

Kunyumba kwathu timaonera mafilimu usiku ana atagona, ndipo popeza nyumba yathu ndi yogundizana ndi ya anansi, voliyumu siikwera kupitirira -30 dB (dB ndi muyeso wa kukula kwa mawu, ndipo nambala ya voliyumu ikamatsika pansi pa 0, mawu amachepa). Pa mlingo umenewu ngakhale masipika abwino amamveka ngati kawailesi ka m'thumba, chifukwa besi imazimiririka ndipo kugunda kwa bingu kumangosanduka kaphokoso kopepuka. Vuto silikhala la makina ayi, koma la khutu la munthu. Monga anasonyezera Harvey Fletcher ndi Wilden Munson mu 1933, mawu akachepa mphamvu khutu limayamba kutaya mawu a besi, pomwe mawu opyapyala kuposa besi, a pakati pa 2 kHz ndi 5 kHz, limawamvabe bwino.

Chimene ndaikondera ampulifaya ya Denon AVR-X1700H ndi Audyssey Dynamic EQ, imene imabwezeretsa zomwe khutu lataya. Munthu akayeza chipinda ndi maikolofoni imene imabwera m'bokosi, makinawo amadziwa kuti 0 dB pa voliyumu ndiwo mlingo umene mafilimu amakonzedwera mu situdiyo, pamene sipika iliyonse imatha kufika pa 105 dB, phokoso limene palibe angathe kupirira nalo m'chipinda chochezera. Voliyumu ikamatsika kuchoka pamenepo, besi imawonjezedwa pang'onopang'ono molingana ndi katsikidweko, ndipo ine ndinadabwa kumva kulemera kwa ng'oma kutabwerera popanda kudzutsa mwana.

Ofuna kugula adziwe kuti pamafunika kusamala ndi Reference Level Offset, imene imachepetsa besi yomwe Dynamic EQ imawonjeza, ndipo ili ndi milingo ya 0, 5, 10 ndi 15 dB. Nyimbo ndi mapulogalamu a pa wailesi yakanema sizikonzedwa pa mlingo wa mafilimu, choncho mukasiya pa 0 dB besi imachuluka mpaka kuphimba mawu a woulutsa nkhani. Ine ndimaika 10 dB poonera nkhani ndi mpira, 15 dB pomvera nyimbo zamakono, ndipo 0 dB ndimaisungira mafilimu okha. Dynamic EQ imakwezanso masipika a kumbuyo, ndipo amene amakhala nawo pafupi angachite bwino kuwatsitsa pang'ono.

Musasokoneze Dynamic EQ ndi Dynamic Volume, imene ntchito yake ndi kuchepetsa kusiyana kwa mawu okweza ndi onong'ona. Imeneyo ndimayatsa pa Light (mlingo wopepuka) pakati pa usiku pokha, chifukwa pa Heavy (mlingo wamphamvu) filimu yonse imamveka mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza.