Sikirini ya mainchi 27, ultrawide kapena TV: yosasokoneza mawu mu situdiyo ndi iti?

Sikirini ya kompyuta ndi yolimba komanso yosalala, choncho mawu ochokera mu sipika akaigunda amanjanja n'kufika kukhutu mochedwa kusiyana ndi obwera molunjika. Njira ya onjanjawo ikatalikirapo ndi masentimita 30, mawu awiriwa amadyana cha pa 570 Hz, 1.7 kHz ndi 2.9 kHz, momwe mumakhala liwu la woimba. Zikatero mumayamba kukonza ndi EQ (chida chokwezera kapena kutsitsira zigawo za mawu) vuto loti m'nyimbomo mulibe.

Ya mainchi 24 kapena 27 m'lifupi mwake ndi masentimita 53 mpaka 61. Masipika akatalikirana masentimita 120, inunso n'kukhala mtunda womwewo kuchokera pa sipika iliyonse, sikiriniyi imalowa pakati n'kusiya mpata mbali zonse. M'chipinda chaching'ono, yabwino ndi imeneyi.

Ultrawide (sikirini yotambalala kwambiri) ya mainchi 34 imafika masentimita 80, ndipo imalowa mothinana. Ya mainchi 49 ndiye yovuta zedi, pafupifupi masentimita 120. Imakankhira masipika kumbali, liwu la woimba lomwe limayenera kumveka pakatikati limamwazika, ndipo pomikisa simudziwanso bwino pomwe chida chilichonse chakhala. Ena amakweza masipika pamwamba pa sikirini, tweeter (kasipika kotulutsa mawu akuthwa) n'kuchoka pa mulingo wa khutu. Vuto limodzi lasanduka awiri. Masikirini awiri a mainchi 27 ogundizana amatenga malo omwewo, ndipo mukawapendeketsera kwa inu amakuponyerani mawu onjanja kumaso.

TV ya mainchi 43, yomwe ndi masentimita 96, pa tebulo ayi. Koma ikapachikidwa pakhoma kuseri kwa masipika sivuta kwenikweni, poti mawu akuthwa amapita kutsogolo, osati kumbuyo. Chomwe mumataya ndi malo omwe mukanaikapo zomeza mawu.

Kukula kokha si mlandu wonse. Sikirini iliyonse ikhale kumbuyo pang'ono kwa nkhope za masipika, yotsika, yopendekera chagada kuti zonjanja zipite kudenga. Poyesa, khalani pampando wanu, mnzanu ayendetse kalilole pa sikirini; mukaona tweeter m'kalilolemo, pamenepo mawu akunjanja. Kapena seweretsani pink noise (phokoso loyesera lomveka ngati mathithi), funditsani bulangete lochindikala pa sikirini, kenaka lichotseni. Mawu akasintha, bwezani sikirini m'mbuyo masentimita 10 muyesenso. Amene muli ndi maikolofoni yoyezera, pulogalamu yaulere ya REW (Room EQ Wizard) idzakuonetsani pa chithunzi maenje a pomwe mawu akudyana.